Kumanga Pulofesa Miyendo

Lolemba
Wafika Eneresi! Mwana wa malemu mchemwali wanga, amene ndinkamupukuta mamina ndi tsamba la chinangwa, lero ndi Pulofesa ku Ulaya. Watsika kabaza, wagwada pafumbi: “Malume, ndabwera.” Pulofesa wathunthu kugwadira ine wa Sitandade 5, imenenso ndinaibwereza mpaka aphunzitsi anayamba kundipempha fodya.

Ndamufunsa zimene amaphunzitsa. Akuti za mmene ntchito, katundu ndi anthu ophunzira zimayendera m'mayiko, ndi chifukwa chake manesi ndi madokotala athu amathawira kunja. Ndaseka mpaka kutsamwa. Wothawa kufufuza othawa!

Komatu nkhani ilipo. Nyumba ya amake mukugona mileme. Ine mwini mbumba, mbumbayo ili kuti? Ndikafa adzandilire pa foni?

Wapempha kuti ndimuperekeze m'makomo mwa anthu amene ana awo ali kunja, akawafunse mafunso. Eya. Ndiyamba ndine kuwaphunzitsa zoyankha. Akalira mokwanira, mtima wake usungunuka, akhala.

Lachiwiri
Sukulu ya misozi yatsegulidwa kuseri kwa khola. Ophunzira:
aNachisale, mwana wawo ndi nesi ku Mangalande.
A Bwanali asodzi, wawo ndi makaniko ku Joni.
Phunziro ndi limodzi: “Kunja kulibe phindu, ife tikuvutika.”
ANachisale akhoza, misozi mpaka m'khosi. A Bwanali akamalira akuoneka ngati akuseka. Ndawauza aziyang'ana pansi.

Lachitatu
Kamakina kandionongera zonse. Eneresi watulutsa chojambulira mawu, wapempha chilolezo mwaulemu, wachiika pamphasa. ANachisale kungoona kagetsi kofiira, akonza duku, akhosomola: “Ndikupereka moni kwa mwana wanga Lute ku Mangalande, kwa apongozi ku Chitala, ndi onse ondidziwa. Mundiikire nyimbo ya kwaya.”

Akuyesa ndi wailesi! Misozi yadzulo ija kaya yalowera kuti. Kenako atitenga kukationetsa malata atsopano ndi sola.

Koma mwanayu, inu! Sanaseke ngakhale pang'ono. Wadikira moni wonse uthe, n'kufunsa motsitsa mawu: “Amayi, mukadwala amakutengerani kuchipatala ndani? Nanga mukafika, nesi mumamupeza?” ANachisale ayamba kufotokoza zimene ine woyandikana nawo sindinamvepo. Zenizeni, osati zanga zija. Ine ndimaphunzitsa anthu kulira, iye amangodziwa kufunsa.

Lachinayi
A Bwanali aloweza mopitirira muyeso.
“Dzina lanu, bambo?”
“Kunja kulibe phindu, ife tikuvutika.”
Funso lachiwiri, yankho lomwelo. Lachitatu, lomwelo, maso pansi monga ndinawauzira. Mwadzidzidzi foni yalira m'thumba mwawo. Joni! Mwana akukuwa mudzi wonse kumva kuti injini ya boti waikweza kale basi, akaichingamire. A Bwanali adzuka, avina, akumbukira, akhalanso pansi: “Ife tikuvutika.”

Eneresi wandiyang'ana pamwamba pa magalasi, kayang'anidwe ka amake enieni. “Malume, ophunzira anu ndi akhama.”
Ine ndimayang'ana mbuzi.

Lachisanu
Tsoka! Mbiri yafika mpaka ku Khombedza kuti kwanga kwabwera Pulofesa wotumiza anthu kunja. Ndadzuka pakhomo pali:
manesi,
mphunzitsi wa masamu,
wokonza magetsi,
ndi gogo wina amene akuti ngakhale ulonda achita.
Aliyense satifiketi m'jumbo. Ndimafuna mmodzi akhale, tsopano mudzi wonse ukumanga katundu!

Ine ndikanawathamangitsa. Iye wayala mphasa pansi pa mango, wakhala nawo mmodzimmodzi. Wanena poyera kuti satumiza munthu. Wawauza za kuzizira, za kusungulumwa, za akathyali olonjeza ntchito amene amalanda anthu mapasipoti, komanso za zabwino zake, osabisa. Mphunzitsi uja wapita akukanda mutu. Gogo wa ulonda wadya mango anga, wagona.

Loweruka
Lero ali ndi msonkhano wa pa kompyuta ndi akatswiri anzake a m'mayiko ambiri. Netiweki kuno imagwira pachulu pokha, kuseri kwa dimba, ndipo wodziwa chuluchi ndine. Mwayi womaliza: ndingoti sindikudziwa, msonkhano umudutse, mwina amuchotse ntchito.

Ndamutengera kuchuluko. Musandifunse.

Iye pampando, kompyuta pamiyendo, ine ambulera m'manja. Chingerezi chikutuluka ngati madzi a pamjigo, sindikutolapo kanthu. Kenako ndamva: Salima. Khombedza. Maganga! Mzungu wina wa imvi wayesa kutchula Maganga, lilime lamukola. Eneresi wamukonza. Mzunguyo wabwereza ngati mwana wa Sitandade 1, n'kulemba. Onse akulemba! Maganga yathu yomweyi, ya njinga ndi chinangwa.

Mkono wachita dzanzi koma ambulera sindinatsitse. Tambala wafuna kulira, ndamugenda. Atawomba m'manja pakagalasi ka kompyuta paja, nanenso ndawomba, ambulera n'kugwera Pulofesa pamutu.

Lamulungu
Basi. Tikuweruka kutchalitchi, molunjika pasiteji kukaperekeza Eneresi. Ndamumenyera mpando wakutsogolo, ndauza kondakitala kuti wanyamula mutu wa dziko, asathamange.

Asanakwere wandikokera pambali. “Malume, tasiyani nthabwala. Mukufuna ndikhale?”

Ndati, “Ukhale udzatani kuno, iwe? Khasu sudziwa n'kogwira komwe. Pita ukawaphunzitse anthu aja, akadali mbuli.”

Wandigwira dzanja osalisiya mpaka kondakitala wayamba kulalata.

Ndabwerera wapansi. Aliyense wondifunsa chavuta n'chiyani m'masomo, ndikumuuza kuti ndi fumbi la minibasi. Msewuwo ndi wa phula, koma palibe wanditsutsa.