Wometa Amene Ankakangana ndi Mabuku

Mumsewu wa kuseri kwa msika aliyense ankadziwa kuti mwana sametedwa kwa a Bwerezanso popanda buku. Akuluakulu ankametedwa mwamtendere. Koma mwana akakhala pampando uja womangidwa ndi waya, ankayenera kutsegula buku la kusukulu, kuwerenga mzere m'Chingerezi, kenako n'kuwafotokozera m'chinenero chathu zomwe zachitika. Iwowo Chingerezi sankachimva, ndipo analibe nazo manyazi. Ankangofuna nkhani, ndipo nkhani iliyonse ankaitsutsa. "Sizoona zimenezo, bwerezanso," ankatero, mpaka mawuwo anasanduka dzina lawo.

Vuto linali lakuti akamatsutsa, makina ometera ankaima. Nkhani ikawakwiyitsa dzanja linkalemera, mwana wopempha kungochepetsa tsitsi n'kutuluka ndi mpala. Anthu ankatha kudziwa tsamba limene mwana wafika pongoyang'ana mutu wake. Chaka chimene ana ankawerenga za munthu womanga nyumba ndi madzi ouma, kalasi yonse inayenda mitu ili mbee.

"Madzi ouma? Akawotha moto nyumbayo aimwa?"

Zonsezi mayi telala ankazimva, chifukwa shopu yawo ndi ya wometayo zinangolekanitsidwa ndi thabwa. Ankazinyoza ndithu. Mwana wawo wamkazi anali pasukulu yapamwamba, kumene ahedi analamula makolo kuti kunyumba azilankhula Chingerezi chokhachokha. Mayiwo anamvera ndi mtima wonse. Tsoka lake, Chingerezi chawo chinkathera pa kudya, kusamba ndi kugona. Mwana akadya, akasamba, nkhani zinkatha, awiriwo n'kumangoyang'anana ngati anthu odikira basi.

Kenako aphunzitsi anawaitana. Anati mtsikanayu amawerenga mokoma kuposa anzake onse, koma ukamufunsa zomwe wawerenga amayang'ana kudenga. Zikapitirira, abwereza kalasi. Mayi telala zinawapweteka kwambiri, ndipo mankhwala omwe anapeza anali kuwonjezera Chingerezi chomwecho.

Tsiku lina tsitsi la mwana litakula, wometa wa kutsidya amene ankamumeta nthawi zonse atatseka, mayiwo anamupereka kwa aneba awo monyinyirika.

"Mungomumeta, bambo. Musamulankhulitse zachikudazo."

"Aneba, ine ndine wometa chabe," anayankha, uku akusuzumira m'chikwama cha mwanayo.

Mtsikana anawerenga tsamba lonse osapunthwa. A Bwerezanso anameta mbali imodzi, n'kuzimitsa makina.

"Zamveka bwino ngati wailesi. Ndiye akuti chiyani?"

Mwana anayang'ana kudenga.

"Palibe changu, mwanawe. Mbali inayo tidzameta ukadzakumbuka."

Mtsikanayo anadziyang'ana pagalasi, naona mutu wa mbali imodzi, nabwerera m'buku mofulumira. Anayendetsa chala pansi pa mawu kwa nthawi, kenako ananong'ona kuti galu wagona pabedi.

"Bodza. Eni nyumba agona pati?"

"Agona pomwepo, agogo. Ndi galuyo."

"Iwe, usandinamize ndili mkulu. Bwerezanso."

"Pano alemba. Taonani. Akuti kunja kukuzizira, ndiye mwana wa m'nyumbamo wamumvera chisoni, wamufunditsa bulangete, amayi ake sakudziwa."

"Ndiye akadziwa?"

"Dikirani ndione."

Kuseri kwa thabwa makina osokera anali ataima. Mayi telala anali asanamve mwana wawo akulankhula mawu ambiri chotero kuyambira pomwe analowa sukulu ija. Anadzuka kuti akakalipe, koma atafika pakhomo wometa ndi amene anayamba kudandaula.

"Aneba, pakati pa mwana wanuyu ndi bukuli, mmodzi ndi wabodza. Mawa abwere timalize mlanduwu."

Mayi telala anabwerera kumakina awo, nasoka thumba la thalauza la kasitomala mpaka kulitseka.

Kuyambira pamenepo mtsikanayo ankapita tsiku lililonse akaweruka, ndipo tsitsi lake silinapezenso mpata womera. Ankakonzekera mkanganowo ngati loya. Mawu ovuta ankafunsa aphunzitsi, kuti nkhalamba ija isamupezere pothawira. Atakhoza mayeso, ahedi anayamikira mayi telala pamaso pa makolo onse, kuti ichi ndicho chipatso cha Chingerezi cha pakhomo. Mayiwo anaimirira, nalandira kuwomberedwa m'manja mwaulemu, ndipo kunyumba lamulo lija silinachotsedwe. A Bwerezanso atamva anangoti zili bwino, koma galu uja atsike pabedi.

M'mawa wina chitseko chawo sichinatseguke. Anadwala masiku ochepa n'kumwalira, osavutitsa munthu, zomwe sizinali khalidwe lawo.

Pano m'shopumo muli wometa wachinyamata wa dzanja lofewa, ndi kanema pakhoma. Mitu ya ana mumsewumo ndi yosalala, yofanana, ndipo palibe angadziwe ngati mwini mutu amawerenga kapena ayi. Mayi telala amasoka tsiku lonse popanda wowasokoneza, ndipo bata limenelo amadana nalo. Amawasowa aneba awo, ngakhale sanawathokozepo ali moyo.

Mtsikana uja anangokhala masabata angapo buku lili m'chikwama. Madzulo ena mwanayo ataweruka, amayi ake anachotsa nsalu pampando wa makasitomala, namuuza m'chinenero chomwe iwo eni anachiletsa kuti akhale pansi awawerengere. Mwana anawayang'ana kaye, kuopa kuti ndi msampha. Kenako anawerenga, nafotokoza za msodzi amene anabweza nsomba yaikulu m'madzi chifukwa inamuyang'ana mwachisoni.

"Zabwino kwambiri, mwanangu," anatero mayiwo.

Anawerenga mzere wina, nafotokoza.

"Zabwino zedi."

Mtsikanayo anatseka buku, maso atadzaza misozi.

"Amayi, simukutha. Mukuyenera kukana."

Mayi telala anakonza tepi yoyezera m'khosi mwawo.

"Chabwino. Msodzi ameneyo ana ake adya chiyani?"

Mwana anapukuta m'maso ndi mkono, natsegulanso buku kuti akafufuze.