Mzere wa pa kiyosiki ulowa m'foni

Lolemba

Ndewu inanso pa kiyosiki ya madzi. Chigubu cha amayi chinali chachitatu m'mawa, pobwerera achipeza chakhumi. Palibe amene wachikhudza, eti chayenda chokha!

Basi, ndatopa. Dipuloma yanga ya makompyuta yangogona m'sutikesi zaka ziwiri, lero igwire ntchito. Ndikupanga apu ya pa foni yosunga mzere pa bulokucheni, buku lopanda mwini, losungidwa pa makompyuta ambirimbiri nthawi imodzi. Chimene walembamo sichifufutika. Ndasankha netiweki yosadya malaiti, osati zija zokumba ndalama za kiripito ndi makina otentha ngati mbaula. Kuno ku komboni ya George malaiti timawaona ngati mlendo.

Lachiwiri

Ndikufotokozera azimayi pa kiyosiki. Ba Mai Mbewe, tcheyaledi wa azimayi kutchalitchi kwathu, akundiyang'ana ndi diso limodzi.

"Mwine wake wa buku iyi ni ndani?"

Palibe, ndikutero monyada.

"Manje vikavuta tizakalipila ndani?"

Funso limenelo kusukulu sanatiphunzitse.

Mafoni amene ndapeza pamzere:
a mabatani, ambiri
osweka galasi, awiri
yamakono imodzi, koma ili ndi mwamuna wa mwini wake kutauni

Choncho onse azilembetsa pa foni yanga. Apu yopanda mwini ikukhala m'thumba la siketi yanga.

Lachitatu

Yagwira!!! Aliyense akafika ndimulemba, dzina ndi nthawi. Ndikuitana mayina ngati kukiliniki. Palibe kukankhana, palibe kutukwana. Ba Daka, ogulitsa madzi, andipatsa chitumbuwa. Amayi akuuza aliyense kuti "ni mwana wanga uyu." Ndayamba kale kuganiza za makomboni a Lilanda ndi Matero, makiyosiki onse!

Lachinayi

Mayo ine. Dzulo chala chinaterera. M'malo mwa Mbewe ndinalemba Mbewa. Wina wasuzumira pa foni, wawerenga mokweza. Mzere wonse wagwa ndi phwete.

"Futa manje manje!" akukuwa Ba Mai Mbewe.

Ndikufotokoza mwaulemu kuti sizingatheke, ubwino wake ndi womwewo. Dzinalo lili kale pa makompyuta a m'mayiko ambiri.

"Nanga na ku China baziba kuti ndine mbewa?"

Ndayankha kuti mwina. Bwenzi nditangokhala chete.

Ndalembanso dzina lolondola pansi pake. Tsopano pamzere pali anthu awiri, Ba Mai Mbewe ndi Ba Mai Mbewa, ndipo Mbewa ndiye ali patsogolo.

Lachisanu

Malaiti apita kusanache, foni yazima. Netiweki ikuyenda bwinobwino dziko lonse, koma mzere wathu watsekeredwa m'foni yakufa. Azimayi aima ndi zigubu, onse akuyang'ana ine.

Ndathamangira kubabashopu komwe kuli sola, magetsi a dzuwa, kukatchaja foni. Kumeneko nakonso mzere! Mafoni asanu ndi anayi patsogolo panga, ndipo wometayo sakumva za changu.

Ndabwerera masana foni ili yamoyo. Pampopi madzi asiya kutuluka. Kunyumba tasamba kumaso kokha. Amayi leronso ayankhula za ine, koma akuti "uyu anatengela ba tate bake."

Loweruka

Msonkhano pansi pa mtengo wa mango. Ndine ndinawaphunzitsa kuti pa zinthu zopanda mwini, ogwiritsa ntchito ndiwo amavota. Anamvetsa bwino kwambiri.

Ofuna apu ichoke: manja onse, Ba Mai Mbewe akweza onse awiri.
Ofuna ikhale: ine.
Amayi akweza dzanja ndi gulu, maso ali kumwamba ngati akuwerenga mango.

Chigamulo china: nditungire Ba Mai Mbewe madzi sabata yathunthu, chopepesera. Ba Daka akuti, "Nzelu ulinazo mwana, koma zakuchulukila." Ndalandira ngati chiyamikiro.

Lamulungu

Pochokera kutchalitchi, ndayamba chilango. Zigubu zinayi, khosi likuwawa. Ba Mai Mbewe andipatsa tiyi ndi buledi wopaka, ndiye kuti mkwiyo ukutha.

Pa kiyosiki ndapeza zatsopano. Amayi amasula chingwe choyanikira zovala, amanga nsonga imodzi pachitsulo cha mpanda. Wofika aliyense akulowetsa chingwe pa chogwirira cha chigubu chake. Kuti ulowerere pakati, uyenera kutulutsa zigubu zonse anthu akuona. Kuyambira m'mawa palibe wakangana.

Ndaima nthawi yaitali ndikufunafuna polakwika. Sindinapapeze. Ndalowetsa chigubu changa, chakhumi ndi chiwiri, ndakhala pamwala kudikira. Zovala zathu zayanikidwa pampanda wa aneba.