Tsiku limene ndinafunditsa makina oziziritsa mpweya

Mpaka lero ndikamadutsa kuseri kwa sitolo ya alamu anga ndimayang'ana kumbali. Pali chibokosi choyera pakhomapo chimene chimandidziwa bwino.

Alamu angawo ndi namwino wopuma pantchito, ndipo ali ndi sitolo ya mankhwala pafupi ndi chipata cha m'malire ku Mchinji. Okutobala wina anatseka sitoloyo kupita kumaliro kwa Chiosya, n'kundisiyira makiyi ndi ntchito imodzi yokha: kuona kuti makina oziziritsa mpweya akuyenda. Anandionetsa kachida koyezera kutentha kamene kali pakhoma, n'kunena kuti kakadutsa pamzere wofiira kwa nthawi yaitali, mankhwala ambiri adzakhala otaya.

Ine ndine mlimi wa fodya wa kwa Mlonyeni. Kwathu chanthete chilichonse chimene chili padzuwa timachiphimbira (kafunseni nazale iliyonse). Ndiye masana oyamba nditazungulira kuseri, ndinapeza chibokosi cha panja cha makinawo chili padzuwa lang'alang'a, chikupuma mpweya wotentha ngati wa m'uvuni. Chisoni chinandigwira. Ndinazika mitengo inayi, kufolera udzu, kachigafa kokongola ndithu. M'mbali monse ndinatchinga ndi masaka a mtedza kuti fumbi la mathiraki lisalowe.

Sipanathe ola, makina zii.

Ndinati dzuwa likulowabe penapake. Ndinakatenga bulangete langa n'kufunditsa chibokosi chenichenicho (inde, bulangete, mu Okutobala). Nditayatsanso chinabuula pang'ono n'kuzima. Ndinayatsa kachitatu, kachinayi, mpaka kunayamba kumveka kafungo ka waya wopsa. M'sitolo muja kachida kaja kanali katagunda pamzere wofiira. Apa ndiye mantha anandigwira zenizeni, chifukwa m'mashelefumo munali penshoni yonse ya alamu.

Dalaivala wina amene ankadikira mapepala ake pachipata anandipatsa nambala ya mmisiri wa kuboma. Ndinkayembekeza chibambo cha ndevu, koma kunafika mayi wamfupi pa njinga yamoto, chitenje pamwamba pa ovolosi. Anaima n'kuyang'ana ntchito ya manja anga kwa nthawi ndithu.

"Bambo, wamanga khola ili ndani?"

Ndinayankha kuti ndi anthu ena achifundo.

Sanaseke mayi uja. Anazimitsa magetsi n'kundiuza kuti popeza achifundowo achoka, ndiphwasule ineyo. Kenaka ndinaona zimene sindinaonepo. Anazunguza fani ndi chala, khutu lili pafupi, n'kunena kuti ili bwino. Anasuzumira timizere tachitsulo takumbuyo, n'kupeza tadzaza fumbi ndi zinyalala za m'masaka anga, ndipo anatitsuka mosamala ngati akusambitsa khanda. Atanunkhiza pakona ina anatsegula kachitseko n'kutulutsa kachitini kotupa pamwamba. Anati kameneko ndi kamene kamadzutsa injini, ndipo ndakapha ndine poyatsayatsa makina ali chitenthere. M'chikwama mwake munali kena katsopano.

Makina atadzuka anandigwira dzanja n'kuliika kutsogolo kwa fani.

"Mukumva kutenthaku? Si kwa dzuwa ayi. Ndi kwa m'sitolo mwanu muja. Kwadutsa m'kapaipi aka kudzatayidwa kunja kuno. Inu munatseka pakhomo pomwe kumatulukira."

Ndinayang'ana kapaipiko, kochepa ngati chala changa. Zaka zonsezi ndinkayesa kuti makinawa amapanga chisanu. Sindinkadziwa kuti munthu angathe kutola kutentha m'chipinda, chinthu chosagwirika, n'kukakutaya panja ngati madzi otsukira mbale. Ndinalowa m'sitolo kukamva kuzizira, kutuluka kukamva kutentha, kulowanso, mpaka mayiyo anandifunsa ngati ndataya kanthu. Ndinachita naye mantha aulemu, ndipo pomutsanzika ndinapezeka ndavula chipewa.

Kachida kaja kanatsika dzuwa lisanalowe, mankhwala anapulumuka. Udzu ndinakataya kutali, maenje a mitengo ndinakwirira bwinobwino. Chimene sindinadziwe n'chakuti mmisiriyo amaimba kwaya imodzi ndi alamu.

Ulendo wotsatira alamu anandipatsabe makiyi, koma anayamba awagwira kaye m'manja.

"Alamu, chinthu chikakumvetsani chisoni pasitolo pano, muziyamba mwandiimbira foni."

Ndinavomera. Koma kunena zoona, dzuwa la kuseri kuja ndi loopsa, ndipo kadenga kokha, kopanda makoma, sindikuona kuti kangalakwe.