Tsiku limene ndinapempherera mvula alimi a vinyo

Nkhani iyi ndikaikumbuka ndimafuna nthaka ingondimeza. Koma poti anzanga okhala kudera la Old Airport kuno kunja anaifalitsa kale, bola muimve kwa mwini wake.

Malamulo a dziko lino atasintha kuti munthu utha kusintha ntchito popanda kalata ya bwana, ndinasiya zokolopa maofesi n'kulowa uweta pa hotelo ina ku Al Dafna. Miyezi yoyamba inali yondiyesa. Vuto linali limodzi: pamalopo ankagulitsa vinyo, pomwe ine Msilamu wa ku Balaka, chibadwire sindinalawepo.

Supavaiza wathu, madamu Elna, kwawo ndi ku chigwa china cha ku South Africa kumene mudzi wonse umalima mphesa. Anatiphunzitsa kuti kumeneko mvula imagwa nthawi yozizira, chilimwe dzuwa limaswa mtengo, madzulo n'kubwera kamphepo ka kunyanja koziziritsa mphesa kuti zisapse msanga. N'chifukwa chake vinyo wawo amakhala wowawasa bwino. Ine mwana wa mlimi, za mvulazo ndinazigwira. Zinazo zinandidutsa.

Tsiku lina masana, mu February, kunabwera mdala wina wachizungu. Inali nthawi ya korona, matebulo motalikirana, ine mask kumaso, ndiye tinkachita kukuwa. Analoza dzina la chigwa chija pa menu.

"Uyu ndi dry?"

"Ayi bwana, kumeneko mvula imagwa bwino."

Anandiyang'ana. "Mnzanga, vinyo wa kumeneko ndi dry yense. Very dry!"

"Chaka chino?"

"Chaka chilichonse!"

Mtima wanga unangoti myuu! Chilala ndimachidziwa, kwathu chinatidyetsapo gaga. Ndiye madamu akungomwetulira chonchi, kwawo kukupsa? Kapena abale akuwabisira poti ndege zavuta?

Ndinathamangira kukhitchini n'kuuza achimwene Asani, ophika a ku Mangochi. Iwo anaika chipande pansi, tinakweza manja n'kupempha Mulungu agwetse mvula yamphamvu kwawo kwa madamu. Ngakhale otsuka mbale anayankhira ameen.

Kenako ndinapita kwa madamu, manja kumbuyo ngati pamaliro.

"Pepani madamu ndi zomwe zachitika kumudzi."

"Chachitika n'chiyani?"

"Limbani mtima. Zonse zauma."

Nkhope yawo inasintha. Pomwepo anaimbira bambo awo, foni pa loud, kuwafunsa za chilalacho. Bambowo anayankha ali m'munda, thirakitala ikulira.

"Chilala chanji? Madamu osungira madzi ngodzadza, tikukolola! Wakuuza ndani?"

Maso onse kwa ine. Ndinafotokoza za kasitomala uja. Madamu anakhala pa kreti ya anyezi, kuseka mpaka mask kunyowa ndi misozi.

"Yusufu, dry ndiye kuti wopanda shuga!"

Pofuna kudzipulumutsa ndinati, "Komabe sitinangokhala madamu, takupemphererani mvula yambiri."

Bambo aja anamva. Thirakitala inazima.

"Mvula? Pokolola? Mphesa zonse ziola! Elna, muuze munthuyo abweze pempherolo msangamsanga!"

Achimwene Asani anatola chipande chawo mwakachetechete. "Wallah, ine ndinangoyankhira ameen. Wopempha ndi uyu."

Ntchito sinathe, koma mlungu wonse ndinkadzuka n'kuyang'ana zanyengo za ku South Africa pa foni, thukuta lili kamukamu.

Abale anga, musanapemphere mvula, yambani mwafunsa mwini munda.