Mbava Zopala Moto

Nzeru zobwera mowa uli pakati pa chipanda zimaoneka zazikulu kwabasi. Za Levison zinabwera Loweruka masana, pa kashabini kena kuseri kwa msika wa Chitipa Boma. Anzake ankamutchula kuti Jenerali, ngakhale kuti nkhondo yokhayo imene anamenyapo inali yolimbana ndi galu wa eni ake, ndipo wopambana anali galuyo.

"Aise, dilu yapsa," anatero Jenerali akupukuta thovu kukamwa. "Pikapu yoyera ija ya a Silungwe, ogula nyemba ku Kaseye. Yatsopano, mapulasitiki akadali m'mipando. Mawa m'mawa tikuinyamula, pofika madzulo tili kutsidya kwa malire tikudya chipisi mayai, tchipisi cha mazira chija."

"Masanasana?" anafunsa Sungani, amene ankatchedwa Mphepo chifukwa zinthu zikavuta anali woyamba kusowa.

"Enya, masanasana. Lamulungu anthu onse amakhala kutchalitchi. Ndamulonda mdala uja masabata atatu. Amapita kutchalitchi wapansi, iye ndi banja lonse, galimoto n'kuisiya pabwalo. Kiyi amaponya m'chitini cha maluwa pawindo. Kuumira, mani! Akuopa dizilo."

Wachitatu pa gululi anali Mackson, wodziwika kuti Spana. Iyeyu anagwirapo ntchito pa galaja ina ku Karonga kwa zaka zisanu ndi chimodzi, mpaka tsiku limene bwana wake anazindikira kuti zipangizo zikumera miyendo. Ntchito inatha, mkazi anabwerera kwawo ku Wenya, ndipo chimene chinatsala m'manja mwa Spana chinali dzina basi. Dzinalo ankalikonda kuposa mimba yake. Akaledzera, akapanda kuledzera, mawu ake anali amodzi omwewo.

"Galimoto sinandikanepo ine," anatero akudziguguda pachifuwa.

Pakanakhala wanzeru mmodzi patebulopo akanafunsa kafunso kakang'ono. Kuno munthu akagula ngakhale njinga yamoto amafuna apite nayo ndi kubafa komwe kuti anthu amuone. Nanga mwini pikapu yatsopano angayendere chiyani wapansi, m'fumbi, atavala jekete? Koma pa tebulo limenelo funso linali limodzi: chipanda china chikubwera nthawi yanji.

Lamulungu kunacha ndi kamphepo kozizira ka mu Juni. Mabelu atasiya kulira, atatuwo analowa pageti la a Silungwe ngati achibale. Kiyi analidi m'chitini. Jenerali anamwetulira mpaka mano a kumapeto kuonekera, n'kuiwala kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Spana anakhala pa chiwongolero, ananunkhiza fungo la galimoto yatsopano, anaponda buleki, n'kudina batani.

Tik-tik-tik.

Galimoto inangolira ngati nkhuku yojompha m'mbale yopanda kanthu. Spana anadinanso. Tik-tik. Timagetsi ta kutsogolo tinaphethira kamodzi, n'kufooka.

"Batire lafa," anatero.

"Lafa bwanji galimoto ndi yatsopano?" anafunsa Mphepo, mwendo umodzi uli kale kuloza kugeti.

"Tikankhe!" analamula Jenerali.

"Abigi, iyi ndi otomatiki. Siilira ndi chikankho."

"Iwe, ine ndakankha maminibasi kuyambira pano mpaka ku Karonga. Palibe galimoto yosamva chikankho. Tsika ndikuonetse."

Spana anavutika ndi giya mpaka inamasuka, kenaka anatsika akung'ung'udza. Iye ndi Mphepo anaika mapewa kumbuyo. Pikapu inatuluka pageti, inapeza kamtsetse, n'kuyamba kuthamanga yokha. Awiriwo anatsala akuithamangira, patapata wa Mphepo wina atatsala m'fumbi. Kutsogolo kunamveka mawu a Jenerali, ndipo sanali mawu a mkulu wa asilikali.

"Klachi ili kuti? Spana! Muno muli zopondera ziwiri zokha! Aba klachi!"

Mtsetse utatha pikapu inayenda pang'onopang'ono n'kuima mwaulemu pageti la nyumba yachinayi. Ulendo wa kutsidya kwa malire unali utafika pamenepo.

"Tiyeni tizipita, amangwetu," anatero Mphepo akupumira m'mwamba. "Mapemphero satenga tsiku lonse."

Mawuwo anali anzeru, ndipo Spana anadziwa. Akanatembenuka nthawi yomweyo bwenzi lero akuyenda mfulu. Koma mtima unamuwawa. Mawa pa shabini paja anthu adzati chiyani? Kuti Spana wa ku Karonga anakanidwa ndi galimoto, masana dzuwa likuswa mtengo? Anatsegula boneti, anagwedeza nthambo za pamitu ya batire, n'kuona kuti zonse zinali zolimba ndi zoyera.

"Likungofuna moto basi," anatero. "Tipeze galimoto ina tijampe."

Mwayi wake, kapena tsoka lake, mkati mwa mpanda womwewo munali kagalimoto kofiira, ndipo pambali pake mayi wina wa chitenje ndi duku ankayanika zovala.

"Odi, mama!" anaitana Jenerali atapinda manja. "Monire!"

"Yewo, monire mose. Muli uli?" anayankha mayiyo. Chitumbuka chake chinali chophunzira, cha munthu wa kumwera amene wabwera ndi ntchito. Anayang'ana galimoto, anayang'ana alendowo, n'kutsitsa maso pa phazi la Mphepo lopanda patapata. "Kodi iyi si ya a Silungwe?"

"Ndi yomweyo, mama. Ndife amakaniko a ku Karonga. Atituma tiione iwo ali kutchalitchi. Timati mutigawireko moto pang'ono."

"Amakaniko opanda ndi spana yomwe?"

"Spana ndi uyu," anatero Jenerali akuloza Mackson.

Mayiyo anaseka mpaka kugwira chingwe choyanikira. "Ambuye akudalitseni, abale. A Silungwe amabwera kuno sabata iliyonse kudzapala moto wa galimotoyi. Ikagona masiku awiri osayenda, basi yafa. Amakaniko atatu ayesa. Wina anasintha batire, wina anati altaneta, wachitatu anati apite nayo kwa asing'anga. Panopa akuti kuno kulibe amene angaithe, mpaka apite nayo ku Lilongwe."

Makutu a Spana anaima. "Akuti kulibe?"

"Atero anthu. Dikirani ndikatenge nthambo zojampira."

Mayiyo anakhalitsako pang'ono m'nyumba. Potuluka anali atavala juzi yaikulu pamwamba pa chitenje, ndipo kumapazi kunali nsapato zakuda zopolishidwa mpaka kuwala. Mphepo anaziona nsapatozo n'kuyang'ana kothawira, koma mayiyo anali atanyamulanso thireyi ya tiyi wa mkaka ndi mandasi otentha. Maso a Mphepo anasankha mandasi.

Spana anagwira ntchito ngati munthu wobwerera kwawo. Anaimika kagalimoto kofiira mphuno ndi mphuno ndi pikapu. Nthambo yofiira anaikoleka pamutu wofiira uku ndi uko, yakuda pa batire lamoyo, mapeto ake n'kulumitsa pa chitsulo cha injini. Anauza mayiyo kuti alize yawo, n'kudikira mphindi zingapo manja ali kumbuyo ngati dokotala. Kenaka anakwera n'kudina batani.

Vruuum!

"Haraka, tiyeni msanga!" ananong'oneza Jenerali atagwira kale chitseko.

"Aa, aa, abale," anatero mayiyo. "Mwangobwera kudzapala moto basi? Nanga tiyiyu amwe ndani? Kwathu mlendo sachoka choncho."

Jenerali angabe galimoto ya munthu, koma kukana tiyi wa mayi wamkulu, atathira kale m'kapu, analibe nako mphamvu. Anakhala pa njerwa n'kulandira ndi manja awiri.

"Komatu kudzutsa aliyense amadzutsa," anapitiriza mayiyo akuyang'ana Spana. "Ndi ine ndemwe ndimaidzutsa. Funso ndi lakuti, chimene chimadya batire galimoto ili chiimire ndi chiyani? Apa ndi pamene anagwera anzanu aja. Koma musadzivute, mwina ndi za ku Lilongwe zimenezi."

Spana anaika kapu pansi. Jenerali anamutsinzinira diso, anatsokomola, anamuponda chala, koma munthuyo anali atapita kale. Anayang'ana lamba wa injini, anali wolimba. Anayang'ana kutsogolo, kagetsi kochenjeza za batire kanali katazima, kusonyeza kuti altaneta ikugwira ntchito yake. Anayesa magetsi a kutsogolo, a kumbuyo, a padenga, wailesi, pochajira foni, chilichonse chinkazima pochizimitsa. Thukuta linayamba kumutsika ngakhale kunkazizira.

Atatsala pang'ono kutaya mtima, bondo lake linagunda kakabati ka kutsogolo kwa mpando wa wokwera, kosungiramo mapepala. Kachitseko kake kanagwedera. Anakakankha, kanabwerera pang'ono. Anatsegula. M'katimo munali kajumbo ka nyemba zachitsanzo zimene a Silungwe ankaonetsa alimi, kothinikizidwa mpaka kachitseko kulephera kutsekeka bwino. Pakona pake panali kababu kakang'ono ngati njere ya chimanga.

Spana anatulutsa foni yake yong'aluka galasi, anayatsa kamera, anaiika m'kakabatimo, n'kutseka monga mmene kanalili. Atawerenga mpaka khumi anaitulutsa. Kanema yense anali wowala kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

"Mfiti yake ndi iyi!" anakuwa, moti agalu a nyumba yoyandikana anayamba kuuwa. "Kababu aka sikazima! Usana ndi usiku kamangoyaka, kuunikira nyemba! Mwaona, mama? Lilongwe ya chiyani? Chotsani nyembazi, tsekani bwino, basi matenda atha!"

"Koma ndinu katswiri," anatero mayiyo, ndipo apa ankanena zoona. "Dzina lanu ndani, ndidzawauze a Silungwe?"

"Mackson Simwaka, mama. Ambiri amati Spana." Jenerali anatsamwa ndi mandasi.

Spana anatembenukira anzake chala chili m'mwamba. "Tsono mverani. Batire likadali ndi njala. Injini iyi isazime kwa ola lathunthu, ikazima siidzukanso."

"Ndiye zakhala bwino," anatero mayiyo atanyamula kontena yokulungidwa m'nsalu. "Popeza muyenera kuyenda nayo kuti batire lidye, mundiperekezeko pafupi pompa. Ndikukasiya kachakudya ku polisi. Kuli ana a eni ake atatu amene agone kumeneko lero."

"Pole sana, pepani ndithu," anatero Mphepo mwachisoni. "Anthu ena tsoka limangowatsata."

Atanena anazindikira dzina la malowo, n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Koma Jenerali anakokera anzake pambali, maso akuwala ndi nzeru yatsopano.

"Madolo, ganizani. Munamvapo wakuba akupita yekha ku polisi ndi katundu wakuba? Palibe! Tikangofika pamenepo, Boma yonse iona kuti ndife anthu abwino. Pa rodibuloko azingotikweza manja."

Anakwera. Spana pa chiwongolero, Jenerali pambali pake, mayiyo ndi Mphepo kumbuyo. Anadutsa msika, anyamata a njinga zamoto akuwaimbira miluzu, Jenerali chigongono chili pawindo ngati mwini wake. Sipanathe mphindi zisanu, anali atalowa pabwalo la polisi.

"Musachoke, ndikufuna ndikuthokozeni bwino," anatero mayiyo akutsika.

Jenerali anayang'ana kamuvi ka mafuta, anakumbukira kutalika kwa ulendo, mtima unamupweteka. Munthu yemwe uja ankaseka a Silungwe kuti ndi oumira anatambasula dzanja.

"Dizilo akungopsa chabe apa," anatero, n'kudina batani.

Injini inati zii.

"Abigi!" analira Spana. "Ndinati chiyani ine?"

Nthawi yomweyo wapolisi wa pakhomo anaima njo, n'kumenya sawasha. "Sajeni Makwinja, bwana! Uthenga wanu tinaulandira, chipinda takonza!"

Mayi uja anamupatsira kontena, anamasula chitenje, anavula juzi ndi duku. Mkati munali yunifolomu yosita bwino, mizere itatu ili pamkono. Apa m'pamene nsapato zakuda zija zinapeza tanthauzo.

"Liza! Liza, Spana!" anakuwa Jenerali.

Tik-tik-tik.

Mphepo, amene sanagwidwepo chibadwire, analimbana ndi chitseko cha kumbuyo. Koma a Silungwe ali ndi ana aang'ono, ndipo chitseko cha mbali yakeyo chinali chotchera kuti chizitseguka ndi munthu wa kunja yekha. Amene anamutsegulira, mwaulemu ndithu, anali wapolisi.

Jenerali anatsika akumwetulira ndi mano okha. "Ife tizipita, mama, tinangokuperekezani. Yewo chomene."

"Iyayi, bambo Levison, paja kuno timakudziwani bwino," anatero Sajeni Phyllis Makwinja. "Kunyumba kuja munathamanga, ndinakulekani. Kuno ndiye simunabwere kudzapala moto. Lowani, mukhazikike. Chakudya chanu ndi ichi."

Madzulo ake a Silungwe anabwera atavala jekete lawo la kutchalitchi, kudzaona anthu amene anawabera galimoto n'kuikonza. Spana sanapepese. Anakanirira pa zitsulo za chitseko n'kuyamba kulangiza: aijampe, apite nayo ku Kaseye n'kubwerako osazimitsa, ndipo nyemba aziika m'thumba la jekete ngati anthu ena onse. A Silungwe anangogwedeza mutu.

Lachitatu m'mawa atatuwo anali akadali m'chitokosi kudikira tsiku la kukhoti. Pikapu inali itapita ku Kaseye Lamulungu lomwelo, n'kubwezedwa pabwalo la polisi ngati umboni, ndipo inali itagona pamenepo masiku awiri athunthu osakhudzidwa. Jenerali anali gada, akukonza nzeru ina yothawira imene Mphepo ankakana kuimva. Kunja kunamveka mawu a a Silungwe, amene anabwera kudzatenga galimoto yawo, akutsanzika, kenaka chitseko cha galimoto kutsekeka.

Spana anadzuka n'kuika khutu pa kawindo. Mtima unkamugunda kuposa tsiku lomwe anagwidwa.

Vruuum! Kudina kamodzi kokha.

Anatembenuka nkhope ikuwala, misozi ili lengelenge. "Mwamva, madolo? Mwamva? Galimoto sinandikanepo ine!"

Mphepo anavula patapata mmodzi amene anamutsalira uja, n'kumugenda naye.