Thewela la Tisa ndi Injini ya aMulenga

Inu aTembo, mwayamba kale kuseka ndisanatsegule n'pakamwa pomwe. Sekani, koma amene akuti ndikunama apite kwa Mwape akafunse ng'ona za mu Luangwa chifukwa chake zimathawa zikaona thewela pachingwe.

Chaka chimene Tisa wanga anabadwa, chifuwa chinkamubanikitsa, ndipo ine ndinkaopa dzinja kuposa mkango, pakuti kwathu mvula ikagwa msewu umafa, chipatala cha ku Minga n'kutalika ngati mwezi. Ndiye nditamva kuti aMulenga, mphunzitsi wa ku Luapula amene ankabwelela kwawo, akugulitsa boti lakale la thanga lokhala ndi kainjini ka dizilo, ndinati limeneli lidzatsika ndi mwana wanga mpaka pa ulalo pokwelela basi.

Mnzanga wa kuchigayo, amene timakhala naye benchi imodzi kuno kusukulu ya madzulo, anali atandilangiza kuti ndikafike mosayembekezeka, ndikagwile injini ngati ndi yozizila, chifukwa wogulitsa wochenjela amayamba waitenthetsa, kenako ndikaone oilo ndi utsi. Ndinafika mmawa, thewela la Tisa lili m'thumba popeza ndinali nditangomusintha kumene. Injini inali yozizila ngati mphuno ya galu. Oilo anali wakuda, wodzaza mpaka kusefukila.

"Ndathila wambili kuti isamve ludzu," anatelo aMulenga. "Pukusani handulo, bambo."

Ndinapukusa. Inatsokomola ngati Tisa, mtima wanga n'kuti myuu, kenako inabangula, utsi n'kutuluka wochuluka mwakuti nkhuku za m'mudzi zinabwelela m'khola poyesa kwada. AMulenga anatseka dizilo. Mukumva? Anatseka dizilo, koma injini inangowonjeza ukali, chifukwa inali itayamba kumwa oilo wake womwe, ndipo injini yotelo simva munthu mpaka itaphulika.

"Mayo ine!" anakuwa aMulenga, n'kulumpha kutuluka m'botimo, kundisiya ndekha.

Boti linanyamuka, thanga linadzitambasula lokha, ndinakwela mtsinje ndi liwilo loti madzi a Luangwa anatembenuka n'kuyamba kubwelela kumene achokela, mvuu zimene zinandanda ngati anthu odikila sopo kusitolo zinabalalika, ng'ona ina inaluma chiwongolelo n'kutsala ndi nkhama zokha, ndipo boti litalumpha phili ndinaona denga la tchalitchi cha Minga pansi pa mapazi anga, masisitele atagwada, ine misozi ili chuchuchu, osati poopa imfa ayi, koma poganiza kuti Tisa adzakula akuitana mwamuna wina kuti atate. Zitsulo zinafiila psuu. Mabawuti ankandilambalala m'makutu ngati njuchi. Mukumva, aTembo?

Apo ndinakumbukila mawu otsiliza a mnzanga uja, akuti injini ikakana kuzima uitseke mpweya. Ndinapisa m'thumba, ndinasolola thewela lija, losachapa, n'kulitsindila pakamwa pamene injini imakokela mpweya. Inameza, inatsamwa, inayetsemula kamodzi, n'kuti zii. Boti linagwa pamalo pomwe linanyamukila, pamchenga pomwepo.

AMulenga anatuluka kuseli kwa mtengo akusasa malaya. "Mwaiona mphamvu? Mutenga, eti?"

Ndinati ayi. Chinthu chosamva ukachiuza kuti leka sichinganyamule mwana wanga. Mvula isanagwe ndinasamutsa banja kudza kuno ku Petauke, pafupi ndi msewu, ndipo lelo Tisa akuthamangitsa nkhuku za aneba.

Amake Tisa amauza anthu kuti boti lija silinasunthe n'komwe, akuti linali pamchenga mwezi wa Okutobala, madzi ali kutali. Alekeni, panalibe iwo. Koma akandifunsa chimene chinanyowetsa buluku langa tsiku lija, ndimayankha chimodzimodzi mpaka lelo: anali madzi a Luangwa. Thewela linali limodzi lokha, ndipo ndinali nditalipatsa injini.