Kuukira Azakhali pa Nkhani ya Nkhwani

Lolemba

Ndabwereka buku ku laibulale ya ku Partick, dera limene ndimakhala kuno kwa azungu. Ndikufuna chowerenga m'basi popita kuntchito ku Easterhouse, ubongo uzolowere ndisanayambe kosi ya kukoleji mwezi wamawa. Ndasankha lonenepa kwambiri kuti mayi wa padesiki andipatse ulemu. Ndi mbiri ya alimi a mpunga a ku Bengal, mmene ankaukirira eni minda.

Wolemba ndi pulofesa, ndipo zikuoneka. Basi yadutsa tauni yonse mlimi ngakhale mmodzi asanagwire khasu. Bamboyo akungokangana ndi mapulofesa anzake. Pansi pa peji iliyonse pali timalemba tating'ono ngati nyerere.

Koma pobwerera ndafika pamene pali nkhani. Alimiwo ankalima munda wa mwini: mbewu zawo, ng'ombe zawo, thukuta lawo. Akakolola, mpunga wonse unkakaunjikidwa pabwalo la mwini munda, iye n'kumagawa. Kenako alimiwo anatopa nazo. Anati mpunga uziunjikidwa pabwalo lathu, magawo awiri athu, limodzi lanu.

Ndatseka buku. Awa ndi Azakhali.

Azakhali, alongo awo a bambo anga, anesi, ali ndi kadimba kobwereka ku khansolo cha ku Shawlands, kokhala ndi kanyumba ka pulasitiki kolimamo nkhwani. Dimba ndi lawo, koma olima ndife: ine, Chisomo mnzanga wa kuntchito, ndi Tadala amene akuphunzira unesi. Kuyambira Epulo, Loweruka lililonse, pamvula ya kuno yobwera cham'mbali. Chaka chatha tinathyola, tinasenza, tinakaunjika patebulo pawo. Mtolo wa mayi busa, mtolo wa amayi a kwaya, mtolo wa uje wodwala. Ine kamtolo kokwana m'thumba la jekete. Nditakaphika kanasowa mumphika. Sindinaiwale.

Loweruka likubwerali ndi lothyola. Pulani yanga: tifike m'mawa Azakhali asanafike, nkhwani apite ku Partick, patebulo panga, ogawa tikhale ife. Chaka chino ndidya nkhwani wotendera mpaka kukhuta.

Lachiwiri

Ndalembera Chisomo ndi Tadala. Onse alowa. Chisomo akuti, "Ndimangodikira woyambitsa." Tadala watumiza tizithunzi ta moto.

Mutu wachiwiri ukubwerera kale kwambiri. Alimi ankakakamizidwa kubzala mbewu yopangira utoto wa buluu, yosadyeka, pamalo pamene akanabzala mpunga. Thangata yemwe uja tinkaloweza kusekondale kuti tikhoze mayeso. Nafenso Azakhali anatibzalitsa mzere wathunthu wa maluwa okakongoletsa kuguwa. Matuza m'manjamu chifukwa cha chinthu chosalowa mumphika!

Zofuna zathu ndi izi:
magawo awiri kwa olima, limodzi kwa Azakhali;
maluwa azilima okonda maluwa;
tiyi wa padimba azikhala ndi shuga, dokotala analetsa iwo, osati ife;
zotiitana kuti "tiana inu" zithe, ndimalipira ndekha lendi.

Mtedza wotendera ndagula kale. Tomato ndagula kale. Ndikuyenda m'kholido ya kuntchito ngati munthu amene akudziwa zimene boma silikudziwa.

Lachitatu

Mutu wa amayi. Apolisi akamabwera, amayi a ku Bengal ankaliza zigoba za nkhono zikuluzikulu, mudzi wonse n'kutuluka ndi masache ndi minsi. Ndawerenga mpaka basi yandipitiriza siteji.

Ndawafotokozera agogo ena achizungu amene ndimawasamalira, uku ndikuwapesa. Akuti amayi a ku Partick konkuno anakanapo kulipira lendi yokwera kalekale, ankaliza mabelu n'kuwathira ufa odzawatulutsa m'nyumba. Ndiye ndimakhala pamalo oyenera. Ufa wokha sindingataye, mtengo wake kuno.

Madzulo Tadala watuluka mu pulani yathu. Akuti, "Sisi, anti aja anandilandira pa eyapoti ndi jekete, ndikawayang'ana bwanji kutchalitchi?"

Pulofesa ali ndi mawu aatali a zimenezi, zoti mlimi amalephera kuukira munthu amene anamuthandizapo pa maliro kapena pa njala. Mapeji ambirimbiri. Ine ndili ndi mawu amodzi: mantha. Nanenso anandilandira ndi jekete. Linali lofika m'mawondo, lonunkha mankhwala a njenjete, ndipo ndinathokoza nthawi yomweyo. Tizithokoza jekete mpaka liti?

Tatsala awiri. Palibe vuto, zoukira zonse zimayamba ndi ochepa. Tadala ndamuchotsa pa anthu amene ndidzawaitane paukwati wanga.

Lachinayi

Kiyi.

Geti la madimba limakhala lokhoma, mpanda ndi wautali, ndipo kiyi amakhala m'chikwama cha Azakhali pamodzi ndi buku la nyimbo. Masiku onsewa palibe anaganizako. Ndafufuza m'buku mpaka m'timalemba ta nyerere, pulofesa sakunena kuti alimi ake ankalowa bwanji m'munda.

Njira zilipo:
kukwera mpanda (atsikana awiri akuda pamwamba pa mpanda m'mamawa atanyamula zikwama, ayi ndithu);
kupempha bambo wa dimba loyandikana (amapatsana manyowa ndi Azakhali, ndi kazitape);
kupempha Azakhali.

Ndawaimbira. Bodza ndinakonza labwino, loti ndikufuna kukathirira dzuwa lisanakwere, ngati kuno kuli dzuwa. Sanandilole n'komwe kulimaliza.

"Iwe mwana wa achimwene, wachita bwino. Bwera udzatenge kiyi. Chaka chino thyolani nokha, bondo langali lakana. Nkhwaniyo ukasunge konko ku Partick."

Basi. Ndinakonzekera nkhondo, mwini munda wagonja pafoni. Anthu a ku Bengal anamenyedwa, ena anamangidwa, ine ndapambana nditakhala pabedi ndikudula zikhadabo. Zaphweka mopitirira, koma kiyi ndi kiyi.

Lachisanu

Chisomo wagwira shifiti ya Loweruka. Akuti, "Undisungireko gawo langa, mtsogoleri." Mtsogoleri wa ndani? Wa zikwama.

Ndapita ku Shawlands kukatenga kiyi. Azakhali andipatsa ndi mandasi awiri. Ndimatuluka iwo atakhala pampando, mwendo pa kasitulu, magalasi pamphuno, akulemba pafoni ndi chala chimodzi uku akumwetulira. Azakhali samwetulira foni.

Sitima isanawoloke mtsinje, uthenga wagwa pagulu la amayi a kutchalitchi: "Okondedwa mwa Ambuye, nkhwani wa chaka chino ali ndi mwana wa achimwene ku Partick. Ndi mwana woleredwa bwino, mufike momasuka." Pansi pake ma Ameni ndi timanja topemphera mpaka batire kutentha.

Afike. Analima? Ndaima pagalasi kuyeserera: "Pepani, watha." Zikumveka bwino. Ndayeseranso ndi nkhope yachisoni, zikumveka bwino kwambiri.

Mutu wotsatira ukufotokoza chifukwa chake kuukirako kunazilala. Ndaudumpha. Sabata ino sindikufuna anthu ofooketsa.

Loweruka

Geti latseguka ndi kiyi wa m'dzanja langa. Mvula kulibe. M'kanyumba ka pulasitiki mukununkha ngati kuseri kwa nyumba yathu ku Dedza mvula itangokata. Nkhwani wayanga mpaka pakhomo. Ndikuthyola, akundiyabwa m'mikono, ndikuimba ndekha. Zikwama ziwiri zodzaza mpaka zipi kukana.

Sitima, ina ya pansi pa nthaka, masitepe a fulati. Ndaunjika patebulo panga. Panga! Ndajambula chithunzi. Ndaika ketulo pamoto.

Madzi asanawire, belu.

Mayi busa. "Timangodutsa, tati timuone mwanayu." Amakhala ku Easterhouse, ine ndimakhala nsanjika yachitatu, palibe amadutsa pano ngakhale nkhunda. Pakamwa panga: "Lowani, mayi." Mawondo apinda okha. Manja amanga okha mtolo, n'kupereka awiri, lamanzere lili pansi pa lamanja. Ine ndikungoonerera.

Kenako mayi wina wa kwaya, woyembekezera: "Si ine ayi, akufuna ndi wa m'mimbayu." Kenako amayi awiri amene sindinawaonepo kutchalitchi chibwerere changa. Kenako abambo amene akazi awo ali m'chipatala ndipo akukana chakudya cha kumeneko. Iwowo ndawapatsa mtolo waukulu, ndipo umenewo sindikudandaula nawo. Kenako Tadala, wopanda manyazi, atanyamula chikwama cha Azakhali kudzatenga gawo lawo lija. Lamulo ndinalemba ndekha, ndapereka.

"Pepani, watha" sanatuluke ngakhale kamodzi. Ungamuuze bwanji munthu wamkulu amene wakwera masitepe onsewa, akupumira m'mwamba pakhomo pako, nkhwani ali kumbuyo kwako patebulo poonekera? Aliyense wafunanso tiyi. Mandasi a Azakhali apita. Shuga wapita.

Gawo la Chisomo ndaika m'furiji, chifukwa analimadi. Patebulo patsala timapesi ndi nkhono imodzi, yamtundu wopanda chigoba. Ngakhale choliza kuitana mudzi ndilibe.

Ndakazinga mtedza uja. Ndadya chiimire.

Lamulungu

Kutchalitchi aliyense akundigwira chanza ndi manja awiri. "Mwana waulemu." "Mwana wodalitsika." Mwana wanjala sakunena. Maluwa athu ali kuguwa, ndipo kunena zoona akukongola. Izi sindiuza munthu.

Titatuluka, Azakhali andiitanira pambali, akutsimphina pang'ono, ngakhale ndikukhulupirira kuti Lachisanu linali bondo linalo. Atulutsa m'chikwama chidebe cha ayisikilimu chokulunga m'kathaulo, chikadali chofunda. Ndatsegula pang'ono. Nkhwani wotendera. Timasamba tanthete, ta kunsonga, osati masamba aakulu amene ndinawatumizira dzulo.

Ndafunsa kuti wachokera kuti.

"Kuseri kwa mulu wa manyowa, pansi pa windo lakale lija. Phando limenelo mpingo sulidziwa. Umaganiza kuti zaka zonsezi ine ndimadya chiyani?"

Ndawapatsa kiyi wawo. Abweza dzanja langa.

"Sunga. Dzulo foni yanga yagona tulo koyamba."

Ndiye kuti chaka chathanso phando limenelo linalipo, ine n'kundipatsa ka m'thumba la jekete. Mlandu watsopano. Ndausunga pamodzi ndi wakale uja, malo alipo.

M'sitima ndawerenga mutu umene ndinadumpha. M'menemo pulofesa akunena kuti alimi ambiri sankaguba n'komwe, ankangobisako mpunga mwini munda asanabwere kudzagawa. Zimenezi waziika kumapeto kwenikweni, pafupi ndi timalemba ta nyerere. Akanayamba nazo, bwenzi ndili ndi shuga m'nyumba.

Buku ndikawonjezera masiku mawa, ndilimaliza. Munthu amene wapirira bamboyu sangalephere koleji.

Nkhwani ndadyera mpunga, polemekeza anzanga a ku Bengal. Chisomo ndamugawirako. Tadala ayi. Chidebe ndapukuta ndi chala, ndipo ndakhuta.

Kiyi ndapachika pamsomali wa kuseri kwa chitseko. Dimba lonse tsopano ndi mutu wanga, pamodzi ndi mpingo wonse ndi maluwa ake. Chabwino. Koma dzulo pothyola ndinaona kamalo kena kobisika kamene dzuwa limafikako. Mbewu ndikapempha kwathu. Malowo ngakhale muno sindilemba.